Thunder yatenga chikho, koma pampando wa Bulls sinafikebe

A Mkonzi,

Ndipatseniko kadanga m'nyuzipepala yanu ndiyankhe anyamata a kuno ku Chipata amene andizinga ndi funso limodzi chithereni fainolo ya NBA, ligi ya basiketibolo ya ku America, mwezi wa Juni 2025. Ndine mphunzitsi wopuma pantchito. Ndinaphunzitsa masamu zaka zambiri pa sukulu ina ya sekondale kuno kum'mawa, ndipo masana ana akaweruka ndinkakhala pabwalo la basiketibolo, wezulo ali pakhosi. Mpaka lero Loweruka lililonse m'mawa ndimakhala pabwalo lina la simenti yong'aluka ndi ana a m'komboni mwathu. Funso lawo ndi ili: kodi Oklahoma City Thunder, imene yatenga chikho cha 2025, siyaiposa Chicago Bulls ya Michael Jordan imene ine sindileka kuitchula?

Masewero omaliza a fainoloyo, imene imatha kufika masewero asanu ndi awiri, ndinawaona ndi maso anga. Usiku wa pa 22 Juni, kucha kwa Lolemba, mphwanga amene amakonza mafoni pafupi ndi msika wa Kapata anagogoda pakhomo itangopitirira 1 koloko. Masewero a ku America amatipeza 2 koloko usiku, atambala asanaganize n'komwe zolira. Malaiti kunalibe. Tinakhala pakhonde pomwe netiweki imagwira bwino, foni titaitsamiritsa pachitini cha shuga, mbaula ili pakati pathu, aliyense atadzikulunga m'bulangeti, pakuti mphepo ya Juni yotsika m'phiri la Kanjala mukuidziwa nonse. Kotala yoyamba isanathe, Tyrese Haliburton wa Indiana Pacers, amene anali ataponya kale mipira itatu ya mapointi atatu, anagwa yekha popanda womukhudza, n'kuyamba kumenya pansi ndi dzanja. Mtsempha wa kuchidendene unali utaduka. Tonse awiri tinangoti zii. Ngakhale zinali choncho, Pacers inapita kopuma ikutsogola 48 kwa 47. Kotala yachitatu ndi imene Thunder inatseka njira zonse, n'kugoletsa 34 anzawo atapeza 20 okha, ndipo masewero anathera 103 kwa 91. Mphwanga anaimirira, bulangeti n'kugwera pafupi ndi makala, nati, “Amalume, timu iyi a Jordan anu aja ingawakwapule.” Sindinamuyankhe usiku umenewo. Koma mawu omwewo ndawamva kometetsa tsitsi, ndawamvanso kwa anyamata a njinga pa Umodzi Highway, ndipo nditapita kukacheza ndi anzanga amsinkhu wanga ndinamva ena ondipweteka mofanana, akuti ana a masiku ano sadziwa mpira, amangoponya ali kutali, ndipo refa amawaimbira faulo ngakhale mphepo yokha itawakhudza.

Anzanga akuluakulu, pamenepa mwalakwa, ndipo ndiyambe ndi inu. Thunder inapambana masewero 68 mwa 82. Tikawerengera chaka chonse, inkawasiya anzake ndi mapointi 12.9 pa masewero alionse, ndipo palibe timu inachitapo zimenezi chiyambire NBA. Mbiri imene anaiphwanya inali ya Los Angeles Lakers ya 1971-72, ija inapambana masewero 33 motsatizana. Ine wa masamu nambala imeneyi ndimaipatsa ulemu kuposa 68 uja, chifukwa masewero amodzi munthu angapambane ndi mwayi wa mpira womaliza, koma kuwasiya anzako ndi mapointi 13 kuyambira Okutobala mpaka Epulo si mwayi. Shai Gilgeous-Alexander, mnyamata wa ku Canada, anagoletsa 32.7 pa masewero alionse, natenga ulemu wa wogoletsa kwambiri, wa wosewera bwino koposa chaka chonse, ndi wa wosewera bwino mufainolo. Amene anachitapo zitatuzi chaka chimodzi ndi Kareem Abdul-Jabbar, Shaquille O'Neal ndi Jordan basi. Ndipo Shai sadalira kuponya ali kutali monga mukunenera. Amalowa pakati, amaima mwadzidzidzi womulondera n'kupitirira, iye n'kuponya ali pamtunda womwe Jordan ankaukonda. Mukanakhala naye pansi usiku umodzi mukanazindikira kayendedwe ka mapazi kamene tinkaphunzitsa kale.

Chimene chandikoka mtima kwambiri pa timu imeneyi ndi difensi. Anyamatawa amalanda mpira ngati akabawi pa anapiye. Pa masewero oyamba a fainolo Pacers inataya mpira kopitirira ka 20, ngakhale kuti pamapeto pake Haliburton anawaba masewerowo ndi mpira wa sekondi yomaliza, 111 kwa 110. Luguentz Dort ndi Alex Caruso onse awiri palibe timu inawasankha pa tsiku losankha osewera atsopano. Analowera kukhomo la kuseri, nadzipangira dzina ndi ntchito imene ena amainyansa. Pa masewero achisanu ndi chiwiri ndi Denver Nuggets, kochi Mark Daigneault anamutuma Caruso, wa mamita 1.96, kukalondera Nikola Jokić wa mamita 2.11, munthu wathupi ngati nkhokwe. Caruso anamukakamira kutsogolo, kumukaniza ngakhale kulandira mpira, ndipo Thunder inapambana 125 kwa 93. Tsiku limenelo ndinauza mayi a kunyumba kuti ndaona chinthu chimene ndakhala ndikuyesa kufotokozera ana zaka 30. Timu yomweyi mu 2021-22 inapambana masewero 24 okha. Inakwera kufika 40, kenaka 57, kenaka 68, makamaka ndi ana odzilerera yokha, ndipo pa matimu onse otenga chikho ndi Portland ya 1977 yokha imene inali ya ana aang'ono kuposa awa. Munthu wonyoza zimenezi sakuteteza mpira wakale, wangoleka kuonera.

Tsopano ndibwere kwa iwe mphwanga ndi anzako.

Bulls ya 1995-96 ine sindinaionere pafoni. Msuweni wanga wa ku Lusaka ankanditumizira matepi a vidiyo pabasi, masewero atapita kale milungu itatu kapena inayi, ndipo tinkawaonera m'chipinda cha aphunzitsi Lachisanu madzulo, tepi ikakakamira wina n'kuizunguza ndi bolopeni. Tepi ya masewero omaliza ndi Seattle SuperSonics tinaibwereza mpaka chithunzi chinayamba kuchita mizeremizere. Mwina simudziwa kuti Seattle imeneyo ndiyo Thunder yanuyi. Inasamukira ku Oklahoma City mu 2008. Choncho agogo ake a timu yanu, a Gary Payton ndi a Shawn Kemp, ndiwo anagwa m'manja mwa Bulls chaka chimenecho, 4 kwa 2.

Bulls imeneyo inapambana masewero 72 n'kugonja 10. M'ndime ya chipulula inapambana 15 n'kugonja katatu kokha, pamene Thunder yagonja kasanu ndi kawiri, ndipo kawiri konse, kwa Denver ndi kwa Indiana, inakankhidwa mpaka masewero achisanu ndi chiwiri. Jordan, Scottie Pippen ndi Dennis Rodman onse atatu anasankhidwa m'gulu la osewera asanu otchinga bwino koposa mu ligi yonse, malo atatu mwa asanu kupita kutimu imodzi. Ndipo masewero omaliza aja, amene anathera 87 kwa 75, Jordan dzanja linamukana. Anaponya ka 19, inalowa 5 yokha. Amene ananyamula timu anali Rodman, munthu wa zaka 35, ndi marebaundi 19 (mipira yotola ikalephera kulowa m'ringi), ndipo 11 mwa iwo anawatola pansi pa ringi ya adani, kupatsa anzake mwayi woponyanso. Tepi imeneyi ndinkawaonetsa ana anga a sukulu kuti aone Rodman, osati Jordan. Ndinkaimitsa chithunzi n'kuloza ndi choko pomwe waika phazi mpira usanachoke n'komwe m'manja mwa woponya. Atatha masewerowo Jordan anakagona pansi m'chipinda chovalira atakumbatira mpira, akulira, pakuti linali tsiku lokumbukira abambo ku America, ndipo bambo ake anaphedwa mu 1993. M'chipinda cha aphunzitsi muja munali amuna akuluakulu asanu ndi mmodzi, koma panalibe woyang'ana mnzake kumaso.

Mukandifunsa kuti atakumana mawa angapambane ndani, ndikufunsaninso kuti refa wake akhala wa chaka chiti. Nthawi ya Jordan wolondera ankaloledwa kuika dzanja pachiuno cha mnzake n'kumamuwongolera. Zimenezi anaziletseratu mu 2004. Nthawi imeneyonso difensi yolondera malo m'malo mwa munthu inali yoletsedwa, anailola mu 2001, ndipo Thunder imakhalira kuthandizana kotereku, anthu awiri kapena atatu kutsekera munthu mmodzi njira. Mzere wa mapointi atatu, umene unabwera mu 1979, anaufupikitsa kuyambira 1994 mpaka 1997, komabe Bulls inkaponya mipira yotere pafupifupi 16 pa masewero, pamene matimu ambiri a lero amapitirira 35. Awa ndi masewero awiri osiyana ovala dzina limodzi. Ndivomerezenso chimene anzanga amsinkhu wanga sakonda kumva: mu 1995 munalowa matimu awiri atsopano, Toronto ndi Vancouver, ofooka onse, ndipo zina mwa zipambano 72 zija zinachokera kumeneko. Lero mu ligi muli akatswiri ochokera ku Serbia, Greece, Slovenia, France, Cameroon. Pascal Siakam amene anaivutitsa Thunder mufainoloyi ndi mwana wa ku Douala. Nthawi yathu tikafuna kunyadira mwana wa mu Africa tinkaloza Hakeem Olajuwon wa ku Lagos, amene anatengera Houston zikho za 1994 ndi 1995, ndi malemu Dikembe Mutombo wa ku Kinshasa, n'kutsala pang'ono kuthera pomwepo.

Nanga ndikuikiranji Bulls pamwamba? Chifukwa chake si 72. Akanakhala kuti ndi nambala yokha, bwenzi tikugwadira Golden State Warriors ya 2015-16 imene inapambana 73 n'kugonja 9, koma inakataya fainolo kwa Cleveland itatsogola kale 3 kwa 1. Chifukwa changa n'chakuti Bulls inabweranso. Itatenga chikho mu 1996, chaka chotsatira inapambana 69 n'kutenganso. Mu 1998, mawondo atatopa, Pippen msana ukumuvuta, inatenganso. Ndipo izi zinali kachiwiri, pakuti inali itachita kale chimodzimodzi mu 1991, 1992 ndi 1993. Fainolo zisanu ndi imodzi, zikho zisanu ndi chimodzi, ndipo palibe fainolo imene inafika masewero achisanu ndi chiwiri. Zitatu zimene Shai anachita mu 2025, Jordan anazichita kanayi. Tsiku limodzi siliwoza mbewa, ndipo Thunder ili ndi tsiku limodzi.

Kubweranso ndikudziwa kulemera kwake chifukwa kunandigonjetsa ine. Chaka china timu yanga ya sukulu inapambana mpikisano wa masukulu a m'chigawo chathu. Tinali ndi mnyamata wamanzere wochokera ku Katete amene palibe ankamudziwa, ndipo aliyense ankamutsekera kumanja iye n'kudutsa kumanzere. Tinabwera pa lole tikuimba, ahedi anatiphera mbuzi. Chaka chotsatira anyamata anali omwewo, atakulirako ndi kutalika, koma tinatuluka tsiku loyamba. Sukulu iliyonse inali itadziwa za dzanja lamanzere lija, ndipo anamuikira anthu awiri. Awiri mwa anyamata anga anali atayamba kukangana za amene ayenera kuponya mpira womaliza. Kothamanga m'mawa ankabwera mochedwa, ine n'kumawalekerera poti ndi akatswiri. Mlandu waukulu unali wanga, chifukwa ndinabwerera ndi nzeru za chaka chatha kwa anthu amene anakhala chaka chonse akuziphunzira. Pobwerera palole panalibe woimba, ndipo mnyamata wamanzere uja anakhala kumbuyo atafunditsa nkhope ndi jezi mpaka tinafika. Kuyambira tsiku limenelo, ndikaona timu imene yatenga chikho kawiri kapena katatu motsatizana, onse akuidziwa, onse akuisaka, ndimavula chipewa.

Ife a ku Zambia nkhani imeneyi sitifunika kuuzidwa ndi wina. Pa 12 Febuluwale 2012 ku Libreville, mufainolo ya chikho cha mpira wamiyendo cha mu Africa, Stoppila Sunzu atamenya penate ija n'kugonjetsa Ivory Coast ya Didier Drogba 8 kwa 7, Chipata yense anatuluka panja usiku. Ine ndinalira, chifukwa kunyanja ya kufupi ndi mzinda womwewo n'kumene tinataya ana athu a timu ya dziko pa ngozi ya ndege mu Epulo 1993. Chikho chimenecho palibe angatilande, ndipo munthu wochichepetsa ndingakangane naye mpaka dzuwa kulowa. Koma chaka chotsatira ku South Africa tinalepherana mphamvu katatu n'kubwerera kwathu ndime yoyamba. Ndani wa ife, ataika dzanja pamtima, anganene kuti timu ya a Christopher Katongo inaposa Egypt imene inatenga chikho mu 2006, 2008 ndi 2010? Timaikonda yathu koposa, komabe tikudziwa pomwe ili. Thunder lero ili pomwe panali Chipolopolo m'mawa wa pa 13 Febuluwale.

Wina anganditsutse kuti ngati muyeso ndi kubweranso, ndiye Jordan nayenso agwadire Bill Russell, amene anatenga zikho 11 m'zaka 13 ndi Boston Celtics, zisanu ndi zitatu mwa izo motsatizana kuyambira 1959 mpaka 1966. Russell ndimamupatsa ulemu wonse, makamaka poganiza kuti anachita zimenezi ali munthu wakuda m'dziko limene m'malo ena odyera ankamukaniza chakudya. Koma zaka zisanu ndi zitatu zimenezo ligi inali ya matimu 8 kapena 9, pamene Jordan zikho zake anazitenga mu ligi ya matimu 27 mpaka 29. Ndipo muyeso womwewu ndiyenera kuugwiritsanso mokomera Thunder, chifukwa chilungamo sichiona msinkhu. Kubweranso lero kwavuta kuposa nthawi ya Jordan. Taonani amene anatenga chikho kuyambira 2019 mpaka 2025: Toronto, Lakers, Milwaukee, Golden State, Denver, Boston, tsopano Oklahoma City. Zaka zisanu ndi ziwiri, matimu asanu ndi awiri. Pofika 2025, otsiriza kubwereza anali Warriors mu 2017 ndi 2018. Malamulo a malipiro amene anagwirizana mu 2023 amalanga kwambiri timu imene yasunga akatswiri ambiri odula, ndipo mu 2025 tinaona Boston, imene mu 2024 anthu ankati ilamulira zaka zisanu, itagulitsa Jrue Holiday ndi Kristaps Porziņģis, Jayson Tatum ali ndi mtsempha woduka ngati Haliburton. Choncho ndikulonjeza pamaso pa owerenga anu, a Mkonzi, kuti Thunder ikatenga zikho zitatu m'nyengo yovuta ngati ino, ndidzalembanso kalata m'tsamba lomweli kuti anawa akhale pamphasa imodzi ndi Bulls. Ndipo angathe. Shai, Jalen Williams amene anagoletsa 40 pa masewero achisanu a fainolo, ndi Chet Holmgren, pomwe ankatenga chikho cha 2025 panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali atafika zaka 28. Jordan chikho chake choyamba anachitenga ali ndi 28, Detroit Pistons itamubweza zaka zitatu zotsatizana.

Pali china chimene chandilembetsa kalatayi kuposa mkangano wa pakhonde. Pabwalo lathu ringi imodzi inapindika ndipo ilibe ukonde, bodi yake ndi thabwa limene tinakhomera tokha, ndipo mipira tili nayo iwiri ya ana oposa 20. Ana amenewa amaonera tizidutswa ta masekondi 30 pa Facebook ndi TikTok, tongoonetsa mpira ukulowa kuchokera kutali. Ndiye mwana wa zaka 12, mikono ngati bango, akagwira mpira amathamangira kumzere wakutali n'kuukankha kuchokera pachifuwa, phazi lina lili m'mwamba. Ukalowa kamodzi pa khumi amayenda ngati watenga chikho. Tizidutswa timeneto sitionetsa Dort akutsetsereka ndi mapazi mphindi 35 pamaso pa munthu woopsa kwambiri wa timu ina, kapena Holmgren akutchinga mipira 5 pa masewero omaliza, kapena kuti Shai usiku womwewo, kuwonjezera pa mapointi ake 29, anapatsira anzake mipira 12 imene inalowa. Bulls ya 1996 ndi Thunder ya 2025 zikusiyana pa zambiri, koma zonse ziwiri zinali patsogolo pa ligi yonse pa difensi. Anyamata amene mukukangana nane kometetsa tsitsi, mfundo imeneyi palibe wa inu anaitchulapo. Aphunzitsi a masewero m'masukulu athu, kuyambira Petauke mpaka Lundazi, ndikukupemphani kuti mukapeza bandulo muziwaonetsa ana kotala yathunthu, osati zidutswa, ndipo muziwauza kuti ayang'ane munthu amene alibe mpira.

Loweruka lapitali ndinabisa mpira umodzi m'thumba, n'kuwauza ana kuti theka la ola loyamba palibe woponya. Tinajambula mizere ndi makala, awiriawiri, wina kuyendetsa mpira wina kumutsekera njira manja ali kumbuyo, mapazi okhaokha. Anang'ung'udza, ena awiri anapita kwawo. Koma pali kamtsikana ka giredi 7 kochokera ku Mchini, kamene kamasewera ndi nsapato za kusukulu, kamene kanamuimitsa mnyamata wa giredi 10 katatu motsatizana mpaka iye anaponda mzere. Kachitatuko anzake onse anakuwa ngati mpira walowa. Mphwanga anali ataima kumbali ndi njinga yake, atabwera kudzapitiriza mkangano wathu. Anaitsamiritsa pamtengo, navula jekete, nati, “Amalume, ndipatseni kameneko ndikayese ine.” Kanamulanda mpira asanafike pakati pa bwalo.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito,
Chipata